Wocheka Matabwa Amene Anakana Kulira

Kumapiri a ku Dedza kunali munthu wina wocheka matabwa. Inu okulira m'tauni mwina ntchito imeneyi simunaionepo. Amakumba dzenje, n'kumanga nsanja pamwamba pake, n'kugonekapo chipika. Wina amaima pansanja, wina m'dzenje, sowo ili pakati pawo. Wapamwamba amakweza sowo n'kuiwongolera kuti itsate mzere, wapansi amakoka. Munthu wathuyu anali wapamwamba, ndipo m'dzenje munkakhala mlamu wake Lufeyo, mwini sowoyo.

Tsiku lina akukweza chipika pansanja, chinawapulumuka. Iye anachigwira ndi dzanja lamanja kuti chisaphwanye mwendo wa mlamu wake, ndipo pompo anamva ngati chingwe chaduka m'phewa.

"Alamu, mwavulala?" anafunsa Lufeyo.

"Ayi, palibe kanthu. Tiyeni."

Palibe kanthu! Abale anga, munthuyu analeredwa ndi amalume ake, bambo amene ankazulidwa dzino ali phee ngati akumetedwa tsitsi. Kuyambira ali wamng'ono anaphunzira kuti ululu ukabwera, mwamuna amaluma mano n'kuyang'ana kumbali. Ndiye analuma mano, nakwera pansanja.

Koma sowo sinamizidwa. Inayamba kuphonya mzere, thabwa n'kumatuluka lonenepa uku, lopyapyala uko. Lufeyo ankangoyang'ana m'mwamba, utuchi uli mbuu kumaso, osanena kanthu. Kukhala chete kumeneko ndiko kunkamudya munthu wathu. Mvula inali pafupi, ndipo mvula ikagwa dzenje limadzaza madzi, ntchito imaima. M'mudzimo munali amuna amphamvu zawo ongokhala, oyembekezera kuti malo apezeke. Mtima wake unkangoti, mlamu wangayu akadziwa atenga wina, ndiye ine ndilowera kuti? Ntchito ina sankaidziwa.

Mkazi wake ndiye anamugwira. Anamupeza m'mawa akulimbana ndi malaya, akulowetsa mkono pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika.

"Bambo a Tiyese, ine si mwana ayi. Mawa kuchipatala."

Kuchipatala anamujambula, nati fupa silinathyoke. Anamutumiza kuchipinda cha mafizo, kumene amapima ndi kuwongola ziwalo ndi manja, popanda mpeni kapena jakisoni. Analowa. Dokotala wake anali mtsikana, msinkhu wa mwana wake woyamba. Pakhomo panalibe chitseko koma katani chabe, ndipo kuseri kwake amayi anali ndandanda pabenchi kudikira, ena a kumudzi kwawo komwe.

"Bambo," anatero mtsikanayo mwaulemu, "chithunzi chija chimaonetsa mafupa okha. M'phewa muli minofu ndi mitsempha yambiri. Ndikweza mkonowu, ndidina apa ndi apo. Pamene papweteke mundiuze."

Anakweza mkono chakutsogolo. "Apa?"

"Ayi."

Anaupititsa cham'mbali, nadina ndi chala pansonga pa phewa. Kalanga ine! Moto unayenda kuchokera m'khosi mpaka m'chigongono. Maso anachita mdima. Mawu anafika pakhosi penipeni, koma munthu wathu anayang'ana katani ija, naona mapazi a amayi aja pansi pake. Ndilire pamaso pa mwana? Mawa kuchigayo nkhani ikhale ya ine? Anameza.

"Ayi, sipakupweteka."

Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa. "Bambo, thukutali likundiuza kuti mukumva ululu, koma silikundiuza kuti ndi pati."

"Ndine wamkulu ine, mwanangu. N'kutopa chabe."

Dokotalayo akanatani? Anamusonyeza mafizo opepuka, namuchenjeza kuti asanyamule cholemera, komanso asaumange mkonowo, namuuza kuti abwerenso sabata yamawa. Munthu wathu anatuluka chifuwa chili patsogolo, nawadutsa amayi aja ngati wapambana mlandu. Sanabwererenso. Masana ankakweza sowo, akafika kunyumba n'kuukoleka mkono m'chitenje kuti usagwedezeke.

Phewa linayamba kuuma. Poyamba analephera kufika m'thumba lakumbuyo. Kenako analephera kudzipesa. Posamba ankaitana mkazi wake monong'ona kuti amutsuke kumsana. Tsiku ndi tsiku mkono unkatsika, mitambo nayo ikusonkhana kumapiri, ndipo mantha anamugwira osamusiya. Nanga ukauma chonchi mpaka kalekale?

M'mawa wina anakwera pansanja, nagwira sowo, nati akweze. Mkono unafika pachifuwa n'kukana. Anayesanso. Unakana. Lufeyo anatuluka m'dzenje, nadzisansa utuchi.

"Alamu, tsikani. Ndakhala ndikuona, ndimadikira kuti munene nokha. Mukanandiuza tsiku lija, ndikanapeza wogwirizira, malo n'kukusungirani. Koma taonani matabwawa, onse okhota. Nditenga wina."

Anatsika phiri ali yekha, ndipo asanafike kumsewu anamva sowo ikulira kumbuyo kwake, ili m'manja mwa munthu wina. Sanakhote kupita kunyumba. Analunjika kuchipatala.

Katani inali yomweyo, benchi lodzaza chimodzimodzi. Mtsikana uja sanamukalipire. Anagwira mkono, naupititsa cham'mbali pang'ono pokha pamene unkalola, nadina pansonga paja.

"Mayo ine! Mayo, ndikufa ine!"

Chipatala chonse chinamva. Bambo wamkulu, misozi ili chuchuchu mpaka m'ndevu.

"Pamenepo!" anatero dokotalayo. "Zikomo, bambo. Mtsempha wokweza mkono ndi umene unavulala. Mukanalira tsiku lija, bwenzi pano mukuchira. Tsopano phewa lonse lauma, ndipo kulimasula ndi ntchito ya miyezi."

"Koma udzakweranso mkonowu, adokotala?"

"Udzakwera. Koma kuti ukafika pamene unkafika, sindikulonjezani."

Anayamba mafizo. Ankaima pakhoma n'kumayendetsa zala chokwera, pang'onopang'ono. Ankagwira ndodo ndi manja onse, dzanja lamanzere likukankha lamanja. Pakapweteka ankanena, ndipo dokotala ankadziwa poimira ndi popitirira. Amayi a pabenchi aja, amene ankawaopa chotere, palibe ndi mmodzi yemwe anamuseka. Aliyense anali ndi bondo lake, msana wake, khosi lake. Mvula inagwa, inatha. Mkono unakwera ndithu mpaka kudzipesa, mpaka kugwira khasu. Koma pansanja paja panali patakhazikika wina, ndipo munthu wathu sanakwereponso.

Abale ndi alongo, ambiri a ife tabwera muno m'nyumba ya Mulungu ndi phewa lovulala. Kwa wina ndi tchimo limene wabisa. Kwa wina ndi chidani ndi m'bale wake wa bere limodzi. Kwa wina ndi banja limene likutha mwakachetechete, kunja likuoneka labwinobwino. Mawu a Mulungu akadina pamenepo timamva moto, koma timayang'ana mapazi a anzathu pabenchi n'kumeza. Timagwada, n'kupemphera pemphero laulemu losakhudza bala, n'kutuluka chifuwa chili patsogolo.

Mulungu sali ngati dokotala uja, Iye akudziwa kale pamene pakupweteka. Koma salanda bala limene mwalifumbatira. Amadikira kuti munene nokha, ndi pakamwa panu. Ndipo chimene chikundiopsa ine ndi ichi: mtima wobisidwa sukhala m'mene unalili, umanka nuuma. Chifundo chake mudzachipeza tsiku lililonse limene mudzabwerere, zimenezo n'zoona. Koma mkazi amene watopa, mwana amene wachoka pakhomo, m'bale amene wagona m'manda musanagwirane chanza, amenewo mwina simudzawapezanso.

Ngati lero Mulungu wadina ndipo papweteka, musalume mano. Lirani lero lomwe.