Njinga ya Hopewell Yopanda Mtundu

Tsiku limene mlamu wake wa ku Joni anamutumizira njinga yamagetsi, Hopewell anaiimika pabalaza, tebulo n'kukagona pakhonde. Mkazi wake Modester akafuna kusesa ankachita kupempha chilolezo. Mwamunayu anali atapalasa kabaza m'tauni ya Zomba mpaka akatumba kuuma ngati mizu ya mkungudza, koma tsopano ankadzuka m'mawa, kuzula waya kukhoma, n'kumakamba za batire ngati anabadwira m'fakitale.

"Ndiye muziima siteji iti, bambo a Ellah?" anafunsa Modester. "Ya akapalasa kapena ya njinga zamoto?"

"Siteji ndi ya anthu oyenda ngati nkhosa," anatero Hopewell akupukuta chishalo. "Ine Zomba yense ndi siteji yanga."

Komatu siteji ya kabaza si mthunzi wongodikirirapo okwera ayi. Ndi mudzi. Ukadwala anzako amakuzonda. Ukagunda munthu amakuzinga kuti khamu lisakukhudze, ena kuthamangira ndi wovulalayo kuchipatala, tcheyamani n'kukhala pansi ndi abale ake. Chimene mudziwo umafuna kwa iwe n'chakuti uzidikira mzere wako ndi kumvera akakudzudzula. Hopewell anaona kuti zimenezi n'zochepetsa munthu wa batire.

Oyamba kumulankhula anali a Henderson, tcheyamani wa akapalasa ku Chikamveka, amene kale anamuphunzitsa kunyamula munthu osagwedezeka.

"Achimwene, njinga yanuyi ili ndi zopalasira, ndinu wathu ndithu. Koma mwayamba kutsomphola okwera pamaso pa anzanu amene akhala padzuwa chim'mawire. Bwererani pamzere."

"Madala, ine ndi thukuta tinasudzulana," anayankha Hopewell. "Iyi ndi yamoto. Mukafuna kucheza nane mundithamangire."

Kenaka anamuimitsa a Japhet, mkulu wa siteji ya njinga zamoto, imene inali tsidya lina la msewu womwewo.

"Tamva kuti ndi yamoto. Ndiye bwerani kwathu, muvale chisoti, mutenge laisensi, muchokenso m'tinjira ta anthu oyenda pansi."

Hopewell anaseka mpaka kuonetsa mano a m'mbali. "Mwaonapo utsi? Mwamvapo injini? Iyi ndi kapalasa, akulu. Za zisoti n'zanu."

Ndi mmene ankadyera uku ndi uku. Akaona apolisi apamsewu ankapalasa mofatsa, msana utapindika, nkhope yomvetsa chisoni ngati wopita kuchigayo. Akangowadutsa ankaongoka, kupotokola dzanja, njinga n'kuuluka. Belu anachotsa, ati ndi la akapalasa. Hutala sanaike, ati ndi ya amoto. Choncho ankayenda mwakachetechete ngati njoka, ndipo amayi a kumsika, ana asukulu ndi madoda opita ku ofesi ankangomva mphepo pakhutu, iye wadutsa kale. Wina akalumphira m'ngalande Hopewell ankatembenuka n'kukuwa kuti, "Maso kumsana, inu!" Kwa iye kameneko kanali kanthabwala.

Loweruka lina m'mawa anakasiya mlendo pamwamba pa phiri, ndipo potsika liwiro linamulowa m'mutu. Atafika m'tauni anasiya msewu n'kudulira kanjira kopita pa kamlatho ka oyenda pansi pa Likangala. Kutsogolo kwake kunali mayi Magret a ku Sadzi, mayi wamasiye amene ankalera ana ake ndi nkhuni zotola kuphiri. Mtolo unali wautali, khosi losatheka kutembenuka. Akanamva belu akanapatuka. Mmene ankakhotera kuti akwere mlatho, Hopewell anali pamsana pawo. Mtolo unapita kwake, mayiwo kwawo, ndipo mwendo unamveka kuthyoka ngati nthambi youma.

Anthu anatuluka ngati linthumbu. Panalibe amene sanam'dziwe, chifukwa aliyense anali ndi tsiku lake limene analumphirapo m'ngalande. Hopewell atamva wina akuti "Ndi yemwe uja!" anasiya njinga pomwepo n'kuliyatsa liwiro la miyendo, lomwe ankati anasiyana nalo.

Anafika pa siteji ya akapalasa ali wefuwefu, n'kugwira a Henderson mkono.

"Madala, ndagunda mayi pamlatho. Akubwera kudzandipha. Ndine mwana wanu, munandiphunzitsa ndinu!"

A Henderson anayamba atuma anzawo awiri kuti akathandize mayiyo. Kenaka anachotsa dzanja la Hopewell pamkono pawo mwaulemu wonse.

"Pano pakununkha thukuta, bwana, mungadwale nalo. Amoto anzanu ali tsidya ilo."

Anadumpha msewu osayang'ana n'komwe. A Japhet anali atamva kale, atakhala panjinga yawo. Hopewell anagwada m'fumbi.

"Akulu, ndilembeni lero lomwe. Chisoti ndigula!"

A Japhet analiza injini mpaka malata a m'magolosale kunjenjemera. "Mukumva? Yathu imalira chonchi, anthu amapatuka. Yanu ija imalira bwanji?" Atatero ananyamuka kukatenga mayi Magret kupita nawo kuchipatala.

Khamu linamupeza ataima pakati pa msewu, siteji kumanja, siteji kumanzere, onse manja ali m'thumba. Makofi amene analandira sanawerengeke, ndipo akanapanda apolisi kutulukira, Modester akanavala zakuda. Kupolisi wofunsa mafunso anayamba ndi losavuta.

"Njinga yanuyo ndi yamtundu wanji?"

Hopewell akati yamoto, laisensi alibe, ndipo m'kanjira ka oyenda pansi ankafunamo chiyani? Akati kapalasa, mboni zinali bwalo lonse zoti zopalasira sizinkazungulira. Munthu amene anali ndi mayankho awiri pa funso lililonse tsiku limenelo anasowa ngakhale limodzi. Masiku onse amene anakhala m'chitokosi palibe wa kabaza anabwera kudzamuona. Ankabwera ndi Modester yekha, kudzasiya chakudya.

Mayi Magret anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo. Phiri sanalikwerenso, ndipo mwana wawo wamkulu anasiya sukulu kuti azisenza mtolo m'malo mwawo. Zimenezi Hopewell ankazimva kulikonse kumene wadutsa, pakuti Zomba ndi tauni yaing'ono, yosaiwala msanga.

Njinga ija anthu anali ataiponya mu Likangala. Anaivuula batire itamwa madzi, ndipo amakanika onse anapukusa mitu. Lero mukamuona munthu akukwera mtunda wa ku Chikamveka, akupalasa chinjinga cholemera ngati ng'ombe yakufa, thukuta lili kamukamu, keliyala ili yopanda munthu, ameneyo ndi Hopewell. Amaima payekha pansi pa mtengo wa magetsi, pamene palibe mthunzi, ndipo okwera amamulambalala n'kupita kwa amene ali ndi anzawo owadziwa.

Anafuna kubisala uku ndi uku, n'kutsala pamtetete. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.