Dalaivala Amene Anasenza Mlandu wa Ziro

Panali munthu wina amene analakwitsa mzere umodzi wokha, mlandu wake n'kugwera mnzake.

Munthuyu ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Anapanga pulogalamu yothandiza madalaivala a maambulansi m'boma lina. Chipatala chilichonse chinkalemba pakompyuta magazi amene ali m'firiji mwake, mtundu ndi mtundu. Pulogalamuyo inkatola zimenezo, n'kuzimanga m'kauthenga kamene eni ntchitoyi amati JSON, n'kutumiza pa foni ya dalaivala.

Koma kumidzi netiweki imavuta. Uthenga ukakula, foni imangozungulira osatsegula. Ndiye munthu uja anati mumtima, "Tisenzerenji matumba opanda kanthu? Mpata uliwonse umene sunalembedwe kanthu usamatumizidwe." Anawalamula makina choncho ndi mzere umodzi wokha m'pulogalamu ija. Uthenga unapepuka, ndipo onse anamuyamikira.

Chimene sanachiganizire n'chakuti makinawo ankamuona ziro ngati mpata wopanda kanthu. Chipatala chikalemba kuti magazi a mtundu wakuti atha, atsala ziro, mzere wonsewo unkatsala m'mbuyo. Foni nayo, posamva chatsopano, inkangoonetsabe nambala ya dzana.

Tsiku lina dalaivala wina wachikulire, a Likongwe, ananyamula mayi amene ankataya magazi atangochira. Foni inati kuchipatala chapafupi magazi alipo. Anathamangira komweko, koma m'firiji munalibe ndi dontho lomwe. Anatembenuza galimoto kulowera kuchipatala chakutali. Mayiyo anapulumuka, koma kunangotsala pang'ono. Akuluakulu anati a Likongwe sanayang'ane foni, ndipo anawaimitsa ntchito podikira kuwazenga mlandu.

Munthu uja atamva, anafufuza mpaka anaupeza mzere wake uja. Anaukonza tiyi wake asanazizire n'komwe. Palibe anaona. Iye anati basi, zatha.

Potuluka, anawapeza a Likongwe atakhala pa benchi ya pageti, makiyi a galimoto atawalanda.

"Achimwene a makompyuta!" anaitana a Likongwe. "Mwamva? Akuti ine sinditha kuwerenga. Ine, amene ndinayamba kugwira chiwongolero inu musanamere mano! Foni yanu ija inati magazi alipo. Kapena ndinkalota masanasana?"

"Zioneka, madala," anayankha munthu uja, n'kudutsa.

Miyendo inkapita, koma mtima unatsala pa benchi paja. Ankadziwa kuti akaulula, ntchito yake ikhoza kuthera pomwepo. Ankadziwanso kuti akapanda kuulula, itha ndi ya a Likongwe. Anasankha. Anabwezeretsa mzere wolakwika uja pa laputopu yake kuti akauonetse poyera.

Tsiku la mlandu analowa osaitanidwa. Akuluakulu anafuna kumubweza, iye anakana kutuluka. Anaika laputopu ndi foni patebulo. Analemba kuti magazi atsala ziro, n'kutumiza. Onse anasuzumira pa foni: inkanenabe kuti alipo.

Inu amene mukumva fanizoli, gwirani ichi. Kunena kuti "palibe" ndi yankho, koma kukhala chete si yankho ayi. Pamene iwe wasiya osanena, mnzako amaikapo zimene anamva dzana, n'kuyamba nazo ulendo. Ngati mumalemba mapulogalamu, musasakanize chosadziwika ndi chimene chatha. Ziro muzimutumiza ndithu. Ndipo ngati pali cholakwa chimene munachikonza kumbali, koma wina akadali kuchisenza, dziwani kuti simunamalize kukonza.

Munthu uja anamaliza motere. Anatembenukira kwa a Likongwe, anthu onse akumva, nati:

"Madala, foni munayang'ana, ndipo munawerenga bwinobwino. Inakunamizani chifukwa cha ine. Tsiku lija pageti ndinali nditadziwa kale, koma ndinakudutsani. Ndinalakwa. Pepani."