Kumapeto kwa Mzere

Panali mayi wina, Nasibeko, amene ankalembera anthu pa kompyuta m'kasitolo ka pa boma: makalata, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Khama lake linali loopsa. Akakhala pampando m'mawa, maso ankamatirira pagalasi la kompyutayo mpaka dzuwa kupendeka. Ngakhale kuphethira ankakuyesa kutaya nthawi. M'maso munkawotcha ngati mwalowa tsabola, zilembo n'kumaoneka ziwiriziwiri, iye n'kungopukuta misozi, ntchito n'kumapita.

Tsiku lina, polemba pulogalamu ya maliro, pamalo pa dzina la malemu anaikapo la mng'ono wawo, munthu wamoyo, amene anadziwerengera yekha ali pasiwa. Mwini sitolo sanachulutse gaga m'diwa. "Ukalakwitsanso kamodzi, mpando uwu ndipatsa wina."

Nasibeko anagwidwa manyazi ndi mantha, pakuti mpandowo ndiwo unkadyetsa ana ake awiri. Loweruka anapita kumudzi, nakapeza bambo ake akulima mizere. Anawafotokozera zonse. "Kaya maso anga atha, bambo."

Mkuluyo anamaliza mzere, naweramuka, natsamira khasu, maso ali kutsidya kwa munda.

"Mwatopa?" anafunsa Nasibeko.

"Ayi, mwanawe. Ndikuona ngati mzere wawongoka. Woyang'ana khasu lokha amalima zokhota. Nanga iwe umaweramuka liti?"

Lolemba Nasibeko analawirira. Anakoka tebulo lake kulichotsa pakona ya mdima, naliika pambali pa zenera. Akamaliza tsamba ankachotsa manja, n'kuyang'ana mtengo wa mbawa kutsidya kwa msewu, n'kuphethira mpaka maso atazizira, kenako n'kuwerenganso zimene walemba. Odikira ankang'ung'udza. Mwini sitolo anamufunsa ngati wayamba kuwerenga mbalame.

"Ndikuwongola mzere, bwana," anayankha, ndipo sanasiye ngakhale tsiku limodzi.

Itapita miyezi, mng'ono wa malemu uja, bambo amene Nasibeko anawaika m'manda ali moyo, anabwera kusitoloko, ndi mayina a ukwati wa mwana wawo. Khadi litatuluka analiwerenga kawiri, chala chili pa dzina lililonse. Kenako anamwetulira. "Ulendo uno tonse tili moyo, mayi."

Inu amene mumaswera pa kompyuta, musayese kuti khama ndiye kusaphethira. Maso munapatsidwa awiri okha, ndipo kumsika sagulitsa ena. Mukafika kumapeto kwa mzere, weramukani.