Satifiketi ya a Chimphamba

Akuluakulu a kampani ina ku Limbe atalamula kuti woyang'anira dipatimenti ya makompyuta azikhala ndi satifiketi ya ntchitoyo, a Chimphamba, amene anali pa udindowo, anatuluka thukuta. Luso lawo linali limodzi lokha, kubweza aliyense wofuna thandizo ndi mawu akuti, "Katseguleni kaye tikiti!" Matikitiwo anali mapempho olembedwa pa kompyuta, ndipo akuluakulu ankawawerenga onse.

A Chimphamba anaitana Tiyamike, mtsikana amene ankakonza makompyuta pansi pawo.

"Iwe, undilembere mayeso amenewa. Ukakana, ntchito yathera pompano."

Tiyamike anapinda manja mwaulemu. "Palibe vuto, bwana. Koma pamayesowa kamera imayang'ana nkhope ndi chitupa. Tilembetse dzina langa kaye, tidzasintha ndikakhoza."

A Chimphamba anasekerera. Analipira mayeso, namupatsa tchuthi choti awerenge, ndipo anayamba kudzitama paliponse kuti sakugona ndi mabuku.

Tiyamike atakhoza, tsiku la msonkhano ndi akuluakulu a Chimphamba anayenda monyang'wa, nauza Tiyamike kuti aonetse satifiketiyo pa sikirini yaikulu. Zilembo zinatuluka zonenepa: Tiyamike Nkhwazi.

Akuluakulu anaomba m'manja. "Zikomo, a Chimphamba, potiphunzitsira wokulowani m'malo. Nanga yanu ili kuti?"

Bwana uja anatsokomola, namwa madzi, natsokomolanso. Kenaka anawerama n'kunong'ona mano ali gwa: "Sintha dzinalo msanga, iwe!"

Tiyamike anayankha mokweza kuti onse amve: "Ndisintha, bwana. Katseguleni kaye tikiti."