Kanyali Kobiriwira ka ku Nkwali

"Ndati chotsani kaye risiva, a Eugene! Kodi makutu mwawasiya ku Msoro?"

"Amayi Tabeth, kompyuta si mbuzi yoti tiziimasula n'kuimangiriranso. Dalaiva ndiika pompano, kanyali kayaka, basi."

Mkanganowu unabuka Lachisanu masana m'kaofesi ka bungwe lina loteteza nyama ku Nkwali. Ntchito ya awiriwa inali kulondola njovu zovekedwa makolala. Kolala imatumiza chizindikiro ku risiva, risiva n'kuuza kompyuta, kompyuta n'kuliza mafoni a alimi a ku Mnkhanya njovu ikayandikira minda. Koma pulogalamu yotumiza mauthengawo inkakhala m'kompyuta ina yopanda thupi, yogonera m'mimba mwa kompyuta yaikulu. Ankaitcha viyemu, ndipo risiva inkalumikizidwa kwa iyo.

Tsikulo ankayenera kusintha dalaiva, kapulogalamu komasulira chinenero cha risiva. A Tabeth, amene adagwira ntchitoyi zaka naini, anali ndi lamulo lawo: chotsa risiva ku viyemu, ika dalaiva, lumikizanso, kenaka khala pansi mpaka kolala imodzi ilankhule. Kudikirako kunkadya ola lathunthu.

"Mukapanda kuichotsa," anatero a Tabeth, "viyemu imakakamirabe njira yakale, ngati munthu wogwira foni kukhutu mnzake atadula kalekale. Kanyali kamayaka ndithu, koma mawu mulibe."

Panja galimoto yopita ku Chipata inaliza hutala kachitatu. Mayiwo anatola chikwama.

"Ndilonjezeni."

"Ndalonjeza, bwana wanga," anayankha Eugene akuseka.

Koma mtima wa Eugene unali utakwera kale njinga. Ku Mnkhanya kunali Emmie, mwana wa a Langford, mtsikana woseka mochedwa ngati mvula ya m'chigwa, amene akaseka munthu umaiwala dzina la kwanu. M'thumba la malaya munali kalata imene mnyamatayo adailemba kanayi. Anayang'ana wotchi: fifitini awazi. Anaika dalaiva risiva ili chilumikizire. Kanyali kosonyeza kuti risiva ikugwira ntchito kanaphethira, kenaka kanakhazikika, kobiriwira bwino ngati msipu wa mu Januwale. Anakhoma chitseko.

Anafika dzuwa lisanalowe, fumbi mpaka m'nsidze. Anapeza a Langford akunola khasu.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Taswera. Inu a makompyuta, Namba Seveni ili kuti? Mawa ndifuna kulawirira kudimba."

Namba Seveni inali njovu yamphongo imene idagumula nkhokwe zitatu chaka chatha. Eugene, pofuna kuoneka munthu pamaso pa apongozi a mawa, anatulutsa foni n'kuonetsa mapu. Kadontho kanali phee m'mphepete mwa Luangwa.

"Ili kutali, atate. Ikangosuntha, foni yanu ilira."

Pansi pa kadonthoko panali timalemba tosonyeza nthawi imene kolala inalankhula komaliza. Sanatiwerenge. Maso ake anali kukhonde, kumene Emmie ankapeta mpunga.

M'mawa mwake a Langford anamangirira khasu panjinga, foni m'thumba la malaya. Amayi opita kukatunga madzi ndiwo anapeza njingayo itapindika ngati waya. Mwini wake anali m'mabango, patsogolo pang'ono. Mapazi a njovu anali atadzaza dimba lonse.

Uthenga unawapeza a Tabeth ku Chipata, ndipo anabwerera tsiku lomwelo. Atatsekula ofesi, kanyali kanawalandira kakuwala monga mwa masiku onse. Anachotsa risiva, anailumikizanso, anakhala pansi. Patapita ola timadontho tonse tinalumpha pamapu, ndipo viyemu inayamba kugwira ntchito yake mokhulupirika.

Nthawi imeneyo Eugene anali pasiwa, atagwada kutsogolo kwa Emmie. Mtsikanayo anali atafumbata foni ya bambo ake, galasi lake long'aluka. Mwadzidzidzi inalira. Inaliranso ya mnansi, inanso, inanso, mpaka nyimbo ya amayi a mpingo inadukira pakati. Uthenga unali umodzi: chenjerani, njovu ili pafupi ndi minda.

"Emmie," anayamba Eugene, "undiuze chimene ndingachite. Chilichonse."

Emmie anayang'ana foniyo. Sanakuwe, sanatukwane.

"Kwa inu ine sindinkafuna zambiri, a Eugene. Ndinkafuna ilire m'mawa muja."

Mnyamatayo anadzuka, nakankha njinga yake kulowera njira ya kwawo ku Msoro, wopanda womutsazika. Akulu adaona kale kuti diso limakhuta msanga ndi zakunja: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.