Kanyumba ka Makasu pa Khwawa Louma

Ana inu, miyambi mumangoloweza kuti mukhoze mayeso, koma kumene inachokera simukudziwa. Aphunzitsi anunso sadziwa. Khalani chete ndikuuzeni umodzi.

M'munsi mwa phiri munali mkamwini wina wophunzira, dzina lake Kamwaza. Iyeyu anafuna kanyumba kosungiramo makasu kudimba kwa mkazi wake, Nangondo. Malo anasankha yekha, pakhwawa lakale louma, ati poti panali mthunzi. Analikwirira ndi zibuma, n'kuitana Chikungwa, mmisiri womanga, munthu wonga ine, woti kulemba dzina lake kunkamutulutsa thukuta.

Chikungwa atakumba pang'ono anapeza timiyala tosalala, tobulungira. Anaitana Kamwaza.

"Achimwene, timiyala iti anatisalaza ndi madzi. Tisunthire pamtunda apo."

"Madzi ake ati? Zaka zisanu ndi ziwiri osadutsa. Inu yalani masilabu a simentiwo pansi, zoganiza mundisiyire ine."

Amatero anthu a mapepala. Chikungwa anathira mchenga, kuutsendera, kukoka chingwe, nayala masilabu mwaluso, mtima uli m'mwamba. Kanyumba kanaima.

Tsiku lina masana mvula inagwa kuphiri, kudimba n'kumangowaza. Nangondo analowa m'kanyumbamo n'kudzitsekera. Chikungwa, akudutsa, anamva mkokomo kumtunda ngati lole yodzaza miyala. Atayang'ana pansi anaona madzi ofiira akutumphuka m'mipata ya masilabu.

"Mayi! Tulukani msanga!"

"Chitseko chakana, bambo!"

Mchenga wapansi unali utakokoloka, silabu imodzi n'kutitimira, kanyumba n'kupendekeka, chitseko n'kupanika. Madzi anafika m'mawondo. Mkati Nangondo analeka kufuula, anayamba kutchula mayina a ana ake mmodzimmodzi. Chikungwa ananyamula chimwala, kumenya kamodzi, kawiri, thabwa n'kusweka. Anamukoka mayiyo pa dzanja, onse n'kukagwera pamtunda. Pocheuka, kanyumba kanali katapita.

Kamwaza anafika akuthamanga. "Koma ndinakwirira bwinobwino."

"Kukwirira munakwiriradi," anatero Chikungwa. "Munaiwala ndinu. Madzi saiwala khwawa."

Kamwaza zikomo sanamuuze, koma mawuwo anatsala.

Madzi saiwala khwawa. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimabwerera kumene chinazolowera, ngakhale papite zaka. Amene ankamenya mkazi, amene ankaba mbuzi, akangoti phee musathamangire kunena kuti wasintha. Yambani mwaona mvula itagwa kuphiri.