Magazi a Mlombwa

Panali munthu wina kumapiri a ku Dedza, dzina lake Sandalamu, wodziwa zitsamba. Kuseri kwa nyumba yake kunali milombwa isanu imene anamusiyira bambo ake. Paja mlombwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi.

Tsiku lina kunabwera anthu ojambula filimu. Utoto wa m'sitolo wofanizira magazi unkawatupitsa nkhope ochita sewero awo, ndiye ankafuna china chosayabwa. Sandalamu anatema khungwa pang'ono mbali imodzi, nakinga utomoni m'chikho, kenaka anamata bala la mtengowo ndi dothi, monga amachitira azitsamba. Utomoniwo anausakaniza ndi mwaye n'kupaka mtsikana wina pachipumi. Mayi wina wodutsa anataya mtolo wa nkhuni, poyesa kuti mwanayo wavulaladi.

Kuyambira pamenepo ntchito inkamutsata pakhomo. Zilonda, zipsera, mikwingwirima, zonse zinkachoka m'manja mwake, ndipo ana ake anasiya kupita kusukulu ndi njala.

Kenaka kunabwera ena a filimu ya nkhondo. Ankafuna ndowa zinayi za utomoni pofika Loweruka.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyesi, mitengoyi singathe. Auzeni atenge imodzi."

Iye anati, "Ndikakana apita kwa wina."

Wina wake uti? Milombwa ya m'phiri anali ataimaliza kale ocheka matabwa. Koma mantha ndi oipa, abale anga. Sandalamu anatenga chikwanje n'kutema khungwa kuzungulira mtengo uliwonse, yonse isanu, m'dzuwa la Okutobala. Za dothi sanazikumbukenso.

Ndowa zinadzaza. Filimu inakoma, anthu anaombera m'manja. Mvula itagwa, mitengo yonse ya m'mudzimo inaphuka, koma milombwa inangoti gwa. Chaka chotsatira ojambula anabwera magulu atatu, ndipo onsewo Sandalamu anawabweza atazolika, osatha kuwayang'ana kumaso. Anadzala mbande zina, inde, koma mlombwa umakula pang'onopang'ono, ndipo iye tsitsi linali litayamba kale kuyera. Ndikamukumbukira mtima umandiwawa, chifukwa luso analinalo ndithu.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi ya zitsamba, mverani. Adzakupezani munthu wa galimoto yonyezimira, wofulumira, wofuna zambiri kuposa zimene tchire lanu lingapereke. Muuzeni mlingo wanu mosachita manyazi. Akapsa mtima, apite. Amene mwamukana angathe kubweranso mawa, koma mtengo umene mwaupha simudzautemanso.